Kope la Mayina

Asiyatu anabwera nayo ntchito kuchokera kusukulu:
jambulani mtengo wa banja lanu, nthambi ndi mizu yomwe.
Ndinamudzazira mizere itatu:
ine, bambo anga Amidu, agogo Che Kaisi atelala.
Wachinayi ndinalemba dzina lathu la tonse, Kaya.
"Anali ndani ameneyu? Mwana wa yani?"
Bolopeni inaima
ngati kabaza pa chitunda cha ku Chowe.

Ena pakwathu ankati Kaya ankapha njovu ndi gogodela.
Ena ankati ayi, ankaolotsa amalonda ku Makanjira.
Ndinagula kope pa Boma, la masamba makumi anayi,
poganiza kuti mwina lichepa.

Ku Mpondasi katekisiti anasaka kiyi mpaka dzuwa pamutu.
Kabati itatseguka munatuluka fungo la mileme.
Buku la ubatizo chiswe chinaliwerenga ife tisanafike,
chinadya makolo a anthu n'kusiya madeti okha.
"Anuwo anali Asilamu?" anafunsa akupukuta magalasi.
"Ena."
"Ndiye muno mupezamo theka."
Ngakhale thekalo munalibe.

Ku Namwera a shehe anati akufa sitiwasunga m'kabati,
timawatchula pa sadaka.
Anatchula asanu ndi awiri ali chitsinzire,
onsewo a eni ake.

Masamba atatu okha ndiwo anali atada
pamene ndinakhala pa thumba la mchere la azakhali, Abiti Kaisi,
pamsika, iwo akuunjika tomato anayianayi.
Anandiseka mpaka kutsokomola.
"Ukuwerenga atambala iwe?
Khola limakula ndi thadzi.
Mwamuna ndi mkamwini, anabwera ndi mkeka, adzapita ndi mkeka."
Madzulo anakoka chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi.

Munali malisiti a msonkho wa nyumba,
kobiri loboola pakati,
ndi chitupa cha Wenela chofiirira ngati fodya wopota.
Dzina: Kaisi.
Dzina la bambo: Kaya.
Pansi pake chidindo cha chala.
Ndinaikapo changa, chinaphimba chonse.
Anali mwana.

"Kalaliki anafunsa, bambo ako ndani?
Atate anatukula mapewa, nati, kaya.
Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo,
munthu uja anangolemba."
Anatero azakhali, osaseka tsopano.
"Mayi awo anabwera ndi ulendo wa minyanga,
goli m'khosi, pathupi, miyendo itatupa.
Amalonda anawasiya pano posinthana ndi madengu awiri a mchere.
Chilankhulo chawo palibe anachimva.
Ankangowaitana kuti Wamchere.
Ankaimba kanyimbo kena popeta, atate ankakumbuka mawu atatu,
ine ndinatsala ndi limodzi,
nalonso landithawa chaka chatha."

Ndiye dzina lili pa chitupa changa cha unzika,
pa chikwangwani cha okala yanga,
pa simenti ya manda a bambo,
dzina lomwe aphunzitsi amaitana m'mawa uliwonse Asiyatu n'kuvomera,
ndi yankho la mnyamata wamantha
amene sanafune kunama.

Mu minibasi, tikuoloka Shire,
kondakitala anafunsa ngati ndili ndi zosintha.
Ndinatsala pang'ono kumuyankha ndi dzina langa.

Kunyumba ndinafotokoza zonse, mchere womwe sindinabise.
Asiyatu anafufuta mzere wachinayi mpaka pepala kuonda,
analembapo Wamchere, zilembo zazikulu,
kenako anajambula muzu umodzi wopanda dzina
wotsika, wokhota, kutulukira kunja kwa tsamba
mpaka pensulo inakanda tebulo.

Aphunzitsi anapereka sikisi pa teni.
Ndi inki yofiira analemba m'mbali: sunamalize.

Masamba makumi atatu ndi asanu akadali oyera.
Kopelo ndaliika m'chitini chija,
pamwamba pa chala cha agogo.