Batire la Kathirakitala

Dzulo ndinalitchaja usiku wonse.
Lero ndapotokola kiyi: kwe, kwe, kenako zii.
Kapinga wa bwalo la sukulu kuno ku Luwinga
wafika m'mawondo, akundiseka.
Mvula ya Mzuzu sidziwa tchuthi.

Mitu ya batire yachita ufa wobiriwira.
Ndaikwecha ndi soda, madzi otentha
ndi mswachi wakale wa mwana wanga.
Fyuzi ndaiunika padzuwa, dzuwa lake liti,
ndi yamoyo.

Masana a Zgambo atsika pakabaza,
kamita kachikasu m'thumba la jekete.
Tabwereka moto ku galimoto ya ahedi,
injini yatsokomola, yalira.
Ayang'ana manambala, apukusa mutu:
"Batireli mukulinamizira, Chiukepo.
Likupereka, koma palibe chobwerera."

Pansi pa mpando apeza waya
woteketedwa ndi khoswe, mkuwa uli pamtunda.
Alumikiza, akulunga tepi, adula ndi mano,
apempha ya sopo.

Tsopano ndikuzungulira bwalo,
fungo la udzu wonyowa m'mphuno,
nkhungu ikutsika ku Kaning'ina.
Malipiro a Epulo sanabwerebe.
Mawu aja a Zgambo akundilira m'mutu
kuposa injini.