Ine Pomalizira

Sukulu ya masana pa Kamwendo imayamba
ana a yunifolomu akaweruka,
mipando ikadali yofunda.
Timalowa ife otsalira:
Esinta wa kuchigayo, ufa uli m'nsidze,
mnyamata wosintha makwacha pa boda,
ndi ine, manja akununkhira mtedza wokazinga.

Lachitatu lija a Chadzunda analemba pabolodi,
choko chikulira ngati khoswe wopanidwa:
I like tea.
Pansi pake anasiya mpata, natiyang'ana.

Ndinakweza mkono. "So I do."
"Mayi, mawu onse mwabwera nawo,
koma mwawakweza matola molakwika.
Pano I amakhala kumbuyo, pa matumba.
So do I."

Ndinadabwa.
Chizungu chomwechi,
chimene I wake amaima njo ngati mzati wa magetsi,
chilembo chachikulu ngakhale pakati pa mzere,
nachonso chimadziwa kupatukira mnzako?
Ukafuna kuvomereza, uyambe wagogoda ndi So,
kenako ubwereke mneni wa mnzakoyo,
akati am, iwenso am,
akati can, can yemweyo,
monga timabwerekerana sefa pa mpanda,
iwe mwini ulowe pomalizira,
mowerama, ngati mkamwini.

Kwathu timangoti inenso.
Ine patsogolo,
nso akutsatira ngati mbuzi ya pachingwe.

Lachisanu tinaphunzira kugwirizana pokana.
Neither.
Lilime langa linakana kusuzumira pakati pa mano.
Esinta anati "nayiza," tinaseka mpaka misozi,
a Chadzunda anangofufuta bolodi ndi chigongono.

Usiku ndinkabwereza ndi tochi ya foni.
Fakisoni ali chigonere pamphasa,
njinga yake ya kabaza itatsamira khoma
mwezi wachitatu, mateyala ataphwa.
"Nenani chilichonse, ndikuyankheni."
Anatsokomola kaye.
"Ndimakonda tiyi wa masipuni anayi."
"So do I."
"Soda ayi? Wapempha soda ndani?"
Anaseka mpaka chifuwa chinamulanda mpweya,
ndinathamangira madzi.

Kenako anayamba kundiyesa dala.
"Ndatopa ndi mapilisi."
"Ndili ndi ngongole kwa Dalikeni."
"Ndikufuna ndione chimanga cha chaka chino chikumasula."
Ine ndikusakasaka mneni woyenera,
am kapena do kapena have,
ngati wofuna chenje m'mpango.

Ku chipatala cha pa boma
anatiuza madzulo kuti mawa ndi ulendo wa ku Lilongwe,
ambulansi ikapeza mafuta.
Wodi inali zii.
Dilipi yokha ikuwerenga madontho.
Kunja malole a ku Chipata ankabuula pa chitunda.
Anayang'ana kudenga, nati,
"Nangozo, ine sindikuopa."

Inenso anafika pakhosi, naima.
Mawu athuwa amakuika patsogolo,
pamtetete, wopanda chofunda,
ndipo ndinadziwa kuti pa ine pomwepo
mawu anga akanathyoka.

Ndiye ndinazemba.
"Neither am I."
Mawu awiri obisalako
ndisanafike pa ine.
Lilime linatuluka bwinobwino pakati pa mano,
a Chadzunda akanamva akanandipatsa chongi.

Fakisoni analekeza Sitandade 5,
koma anatembenuza mutu pa pilo,
nafufuza dzanja langa pa bulangete,
zala zake zokhakhala ndi zigwiriro za njinga.
"Ngakhale m'Chizungu," anatero,
"ukunama."

Ndinapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.
Sindinafune mneni wobwereka,
sindinawerenge malo a mawu.

"Nanunso," ndinatero.

Mayeso akubwera mwezi wa mawa.
Esinta akuti funso limeneli silikanika kubwera,
mzere wa mnzako pamwamba,
mpata wako pansi.
Njinga ndaipopa dzulo.
Ili pakhonde, ikuyang'ana kumsewu wa ku Lilongwe.
Nanenso.