Mbale ya Aulikki

Ku Tampere, Januwale akafika pakati,
chipale chimaunjikana pa zenera mpaka theka,
ndipo m'nyumba mpweya umauma gwa
ngati buledi wa dzana.

Reijo amadzuka kukhosi kukukanda,
milomo itang'ambika, kamfuno atadetsa pilo.
Akagwira chogwirira chitseko
kamagetsi kamamuluma chala.
Dzulo usiku gitala wa pakhoma analira yekha:
thabwa lachita mng'alu.

Aulikki ali moyo kunalibe zimenezi.
Ankakhazika mbale ya madzi pa chotenthetsera nyumba,
n'kuyanika matawulo onyowa pa mipando,
osanena kanthu.
Mwamunayo ankangoti n'kusalongosoka.

Mwana wawo watumiza makina kuchokera ku Helsinki,
kabokosi koyera kopuma nkhungu,
ka nyali yobiriwira ndi buku la malangizo.
Kakadali m'katoni, kuseri kwa nsapato.

Usiku watsitsa mbale yomwe ija,
yobenthuka m'mphepete,
wathiramo madzi, waibwezera pamalo pake.

Kutacha wapeza madzi atatsika ndi chala chimodzi.
Waima pomwepo, akupuma pang'onopang'ono,
ngati wina anadutsa mumdima
n'kumwako.