Injini mu Diramu

Juni ku Kalingalinga, tambala atangotsika,
mphepo ikuluma makutu.
Injini ya boti yapachikidwa pamlomo pa diramu,
mwendo wake uli m'madzi amene ndinatunga dzulo,
zidebe zisanu ndi chimodzi, mzere wautali pampopi.
Mumzinda uno mulibe nyanja.
Yathu ndi yomweyi, ya dzimbiri.

A Mweemba afika ndi basi yoyamba kuchokera ku Chanyanya.
Aima apo, manja m'khwapa, ndalama m'sokosi.
"Ikalira ndigula.
Ikapanda kulira ndi chitsulo chabe."

Atate ankati injini yogona pachisanu
suidzutsa ngati wapolisi pachitseko.
Oyilo m'petulo, muyeso ndi kapu ija yobenthuka.
Masula kampweya pathanki.
Finya kampira mpaka kalimbe ngati mango osapsa.
Giya pakati. Choko panja.
Chingwe uyambe pang'ono, umve pomwe chaluma,
kenako phewa lonse.

Ndakoka. Zii.
Ndakokanso. Yatsokomola kamodzi,
chifuwa chomwe chija cha m'wodi, sabata yomaliza,
dzanja langa n'kuiwala kubweza choko.
Kachitatu. Kachinayi. Kachisanu.
Fungo la petulo. Yamwa mopyola.

"Mwana wamkazi," a Mweemba akuuza nkhuku, osati ine,
"bwenzi mutaitana kamnyamata."

Ine duu. Sipanala.
Pulagi yatuluka yonyowa, yakuda bii,
ndaipukuta ndi nsonga ya chitenje cha pamaliro,
ndaiuzira, ndaibwezera.
Tsopano kudikira.
Ichi atate sanandiuze ndi pakamwa,
ankangoyatsa fodya
n'kumawerenga maminibasi opita ku Mtendere.
Ndawerenga asanu ndi awiri.

Choko mkati. Phazi padiramu.
Chingwe.

Yalira!
Agalu a kwa Zelipa ayankha,
utsi wabuluu wakwera pawaya wa zovala,
yunifomu ya Tisauke lero inunkha Kafue m'kalasi.
Madzi m'diramu akuwira opanda moto,
ndipo kumbuyo kamtsinje kowonda kayamba kuthamanga.
"Ikukodza bwino," atero a Mweemba,
akuwerama kufuna sokosi.

Batani lozimitsira lili pansi pa chala changa.
Lendi ya miyezi itatu ili m'manja mwawo.
Dikirani kaye, bambo.
Diramu likunjenjemera, silikupita kulikonse,
koma pabwalo pano papita miyezi isanu
chimvereni mawu amenewa.
Isiyeni imalize kulankhula.