Kalata ya Mlatho

Mu sutikesi ya malemu bambo,
pansi pa jekete lodyedwa ndi njenjete,
ndapeza zitupa zitatu zomangidwa ndi mphira ya njinga.

Choyamba ncha agogo, Wadisoni Mukhova,
telala wa pa Jali.
Nkhope inafufuma, pachithunzi patsala tayi yokha.
Anapita pa lole ya fodya, choimirira,
fumbi lili gwa m'mano,
m'thumba muli kalata ya anthu akwathu:
tikupempha mlatho pa Likangala,
dzinja likafika ana sawoloka kupita kusukulu.
Masiku amenewo chipani chinali chimodzi,
dzanja linkakwera funso lisanathe.
Anabwerako mawu atasasa ndi kuimba,
kalata ili chimatire,
thukuta litaidya m'makona.
Anthu atawafunsa anangoti, zayenda bwino.
Paja nthawi ija ndi chimanga chomwe chinali ndi makutu.

Ziwirizi nza bambo, mitundu yosiyana,
poti chipani anasinthapo
monga asinthira mbewu mvula ikanama.
Iwo anakwera basi yolipiridwa kale,
nagona pa matiresi m'kalasi ya eni.
Pakati pa usiku kunabwera anyamata a masuti,
envulopu iliyonse ndi dzina lake loti achonge.
Analandira kwa onse atatu,
m'mawa navotera wachinayi.
Nkhani imeneyi ankaiseka mpaka kutsokomola.
Malata asanu ndi atatu a nyumba yathuyi
ndi a msonkhano umenewo.
Sadontha, ndisaname.
Kalata anaipereka ndithu m'manja mwa mlembi,
mlembi nakhazikapo botolo la madzi.

Lachiwiri lapitali, pa bwalo la sukulu,
anthu anandandalika kumbuyo kwanga:
amayi a matemba a ku Kachulu,
akabaza atatsamiritsa njinga pa mpanda,
ndi Che Likaomba amene sitilankhulana chifukwa cha malire a munda.
Anawerenga mitu kawiri.
Nthumwi ndi inu, Mayi Delifa.

Foni yayamba kale kulira.
Mwadzuka bwanji mayi wathu,
kodi nambala yolandirira ndalama ndi yomweyi?
Anthu amene sanandionepo
akudziwa kuti denga la khitchini linasasuka.

Usiku uno ndakopera kalata ija pa pepala la kope.
Mawu sindinasinthe, agogo ankadziwa kulemba.
Ndangosintha tsiku,
ndi kuchotsa mayina a osayina, poti onse ali kumanda,
ndi kuwonjezera limodzi:
Mwatitha Nasiyaya, sitandade folo, wa m'kalasi mwanga,
amene tinakamupeza kumunsi, m'bango,
chikwama chikadali kumsana.

Sindikulonjeza kanthu.
Envulopu ikabwera sindidziwa dzanja langa lidzatani,
mwana wanga akudikira fizi ku Domasi.

Phiri lafunda mitambo kuyambira masana.
Basi inyamuka m'tauni mawa mamawa,
ndiye tambala woyamba akalira
ndikhala ndili pa mtsinje,
nsapato m'manja,
chitenje m'mawondo,
kalata pamutu.