Kuwerenga Nthiti

Anaibweretsa Lachiwiri, mvula ikuwaza monyinyirika,
pa lole ya Gordon Heslop, kuchokera kuseri kwa Rothbury
kumene inatha nyengo zitatu za chisanu
m'khola lopanda denga. Mwini wake atamwalira
ana anagawana nyumba ndi mipando, chamoyo n'kuchiiwala.
Pepala linati zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Dzina: Tansy.

Nthiti ndinaziwerenga ndili patali, osaikhudza,
mizere ya m'munda umene khasu linauthawa.
Ziboda zinali zitakula n'kupindikira m'mwamba
ngati nsapato zobwereka.
Nditakweza dzanja kuti ndikonze chipewa changa
inanjenjemera thupi lonse, nkhope n'kulozetsa kukhoma.
Sindinafunse kuti anali ndani.
Dzanja ndinalitsitsa.

Mayi Pringle anati usaipatse zambiri,
njala yaitali saipirikitsa ndi ndowa yodzaza, ungaiphe.
Pang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi pa tsiku.
Mano akumbuyo anatha, udzu wouma imaulavula
utabulungika timipira tonyowa,
choncho chakudya ndimachiviika m'madzi ofunda
mpaka chifewe ngati phala la wodwala.
Ntchito imeneyi si yachilendo kwa ine.
Usiku ndimagwira kunyumba ya okalamba ku Morpeth,
kumene a Dodds a m'chipinda cha nambala naini
amatseka pakamwa supuni ikafika mothamanga.
Basi ya m'mawa imanditula kuno ndisanagone,
yunifolomu m'chikwama, majombo kumapazi.

Wodula ziboda anabwera katatu,
ulendo uliwonse kusengako pang'ono,
akutukwana motsitsa mawu, mwina ankapemphera.
Zilonda za pamsana ndinazitsuka,
nkhanambo zikuchoka ndi ubweya womwe.
Bulangeti inalikana milungu iwiri.
Ndinalipachika pachitseko kuti izilinunkhiza yokha
mpaka lileke kukhala mdani.

Ndimailankhula Chichewa
poti iyo sindiuza kuti ndibwereze.
Ndimaiuza za mtengo wa magetsi, za chitupa changa chotha mu Epulo,
za bambo anga ku Ntcheu amene bondo lawakanika,
amene akusambitsidwa ndi mwana wa eniake
pa ndalama zimene ndimatumiza pa foni.
Khutu limodzi limatembenukira kwa ine.
Linalo limamvetsera msewu.

Koma kugona pansi, ayi.
Miyezi itatu inkawodzera chiimirire, mawondo akugwedera,
n'kudzidzimuka itatsala pang'ono kugwa.
Dokotala wa ziweto anati hatchi yokalamba imaopa
kuti ikagona sidzathanso kudzuka,
ndiponso sigona pamene palibe woilondera.

M'mawa wina mu Febuluwale, madzi ataundana m'ndowa,
ndinasuzumira pachitseko, osaiona.
Mtima unangoti myuu.
Inali pansi, paudzu, miyendo itapinda,
mlomo wam'munsi uli lende,
ikuliza mkonono wa munthu amene wabweza ngongole zonse.
Ndinakhala pandowa yovundikira, kutsokomola ndikumeza,
zala zitachita dzanzi.
Basi ya naini koloko inadutsa, ndinaimva.

Kenaka inatambasula miyendo yakutsogolo,
inabuula, inayesa, inabwerera pansi.
Ndinagwira chitseko mwamphamvu kuti ndisathamangireko.
Kachiwiri inadzuka,
inadzikutumula, udzu uli mbwee,
n'kundiyang'ana ndi diso lofunsa
chifukwa chake chakudya chachedwa.

Palibe adzaikwerenso, ngolo sidzakoka, wogula sadzabwera.
Mayi Pringle akuti mwina iona chisanu kawiri, mwina kamodzi,
ndipo tsiku limenelo likadzafika adzandiimbira foni
ngakhale ndili pantchito.
Lero ndapapasa m'mbali mwake kufunafuna nthiti,
ndapeza zinayi zokha, zinazo zabisala.
Ndaiuza kuti yayamba kunenepa ngati mkazi wa bwana.
Yandipukutira phala paphewa la jekete
n'kubwezera mutu m'ndowa.