Moto wa m'bulangete

Juni wa ku Joni ndi wouma
ngati kukamwa kwa wodwala malungo.
M'mawa ndikagwira chitseko cha tekisi pa Bree
chimandiluma chala: thethe!
Palibe waya, palibe batire,
chitsulo chabe ndi ine.

Ku Fordsburg, m'shopu ya nsalu,
ndimadula nayiloni tsiku lonse.
Imandikakamira m'miyendo ngati mwana wanjala,
tiulusi timadumpha patebulo kudzandipeza.
Koma zidutswa ziwiri zodulidwa pampukutu umodzi
zimakankhana, sizifuna kugundana mapewa.

Nthabiseng wolandira ndalama, amene sukulu anapita nayo patali,
anakwecha chipeso m'tsitsi mwake,
chipeso n'kutola timapepala ta malisiti.
Akuti zosiyana zimakokana, zofanana zimathawana,
ndipo ukazitalikitsa pang'ono chabe
mphamvu ija imazilala.

Ndinaseka. Kenako ndinangoti zii.

Ku Mayfair ndimagona chipinda chimodzi ndi mkulu wanga Tsalani.
Bere limodzi, basi imodzi kuchokera pa Wenela,
koma chiyambire nkhani ya ndalama za malata
sitipatsana ngakhale mchere.
Matiresi amodzi:
iye kuyang'ana khoma, ine khomo.

Usiku wathawu magetsi atathima
anakoka bulangete mumdima,
ndipo timoto tabuluu tinathetheka pakati pathu,
pampata uja tinausiya dala.
Ndinamumva akumeza malovu. Sanagone.

Anati, "Waona?"
Ndinati, "Ndaona."

Mawu oyamba chichokere Epulo.
Bulangete sanalibweze,
koma mbali yanga inatsala yokwanira.